Lamulo la zaka zitatu likhale, koma khomo lobwerera kusukulu litseguke

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa mkangano umene sukutha pakati pa achinyamata okonda masewero kuno ku Dedza, makamaka aja amachezera usiku kuonera mpira wa ku America pa kanema. Sitikunena mpira wathu wamiyendowu ayi. Tikunena uja wosongoka uku ndi uku ngati papaya, umene osewera ake amavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Mkanganowo ndi wakuti: kodi mnyamata amene akusewerera yunivesite yake aziloledwa liti kusiya sukulu kuti akalowe mu NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu, n'kuyamba kudya thukuta lake? Ena akuti zaka zitatu zimene amamudikiritsa ndi ukapolo, ena akuti n'zomuteteza. Ife tikuti onsewa akulimbana ndi khomo lolakwika. Khomo lotulukira lilibe vuto lalikulu. Vuto lili pa khomo lobwerera, limene limatsekedwa ndi loko mnyamatayo akangotuluka.

Tiyambe ndi mmene zimayendera, poti kwathu kuno timu imangopita kukakambirana ndi wosewera amene yamufuna. Ku NFL sizitero. Matimu alipo 32, ndipo chakumapeto kwa Epulo chaka chilichonse amakhala pansi masiku atatu n'kugawana anyamata ochokera m'makoleji. Mwambo umenewu ndiwo draft. Timu imene inachita moipa kwambiri sizoni yapitayo ndiyo imayamba kusankha, akatswiri amasankha pomaliza, kenaka amayambiranso mpaka maraundi 7. Mukachulukitsa 32 ndi 7 mupeza 224, ndipo powonjezera malo ena opepesera matimu amene anataya osewera, onse osankhidwa amangopitirira pang'ono 250. Mnyamata sasankha kopita. Timu imene yamutchula dzina ndiyo yakeyo, afune asafune.

Lamulo limene anthu akukanganiranalo ndi lalifupi: munthu sangalowe mu draft pasanathe zaka zitatu chimalizireni sukulu ya sekondale. Onetsetsani, Akonzi, kuti siliwerenga msinkhu wa munthu, ndipo siliwerenga magemu amene wasewera. Mnyamata atha kukhala chaka choyamba chonse pabenchi, akungochita nawo zokonzekera, chakacho chimawerengedwabe. N'chifukwa chake Michael Vick mu 2001 ndi Jameis Winston mu 2015 anasankhidwa oyamba atangosewera masizoni awiri okha. Ndipo Amobi Okoye, wobadwira ku Nigeria, amene anayamba yunivesite ya Louisville ali ndi zaka 16, anatengedwa ndi Houston Texans mu 2007 ali ndi zaka 19 zokha, pa nambala 10. Tsono amene amati lamuloli limayeza kukhwima kwa thupi adziwe kuti limangoyerekeza, ngati woyeza chimanga ndi ndowa m'malo mwa sikelo.

Kale kudikira kunali kotalikirapo. Mu 1925 Red Grange anasewera gemu yake yomaliza ku yunivesite ya Illinois, ndipo pasanathe sabata anali atavala kale yunifolomu ya Chicago Bears. Makoleji anakwiya kwambiri, mwakuti ligi inalonjeza kuti sidzatenganso mnyamata anzake a m'kalasi mwake asanamalize maphunziro, kutanthauza zaka zinayi. Draft yoyamba inachitika mu 1936 lonjezo limenelo lili m'malo. Linayamba kugwedera pamene ligi ina yopikisana nayo, USFL, inatenga Herschel Walker ku Georgia mu 1983, kenaka pamene Barry Sanders analoledwa kuchoka ku Oklahoma State mu 1989 atatha zaka zitatu. Mu 1990 NFL inangovomereza kuti zikhale zaka zitatu kwa aliyense, poopa kuti ikakakamira zinayi idzagonja kukhothi.

Amene anayesa kuligwetseratu ndi Maurice Clarett, ndipo nkhani yake iyenera kumveka bwino chifukwa ndi pamene pagona zonse. Chaka chake choyamba ku Ohio State, mu 2002, anathamanga ndi mpira ngati wamkulu, ndipo ndiye anagoletsa chigoli chopambanira pa gemu yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Miami mu Januwale 2003. Sizoni yotsatira, ya 2003, yunivesite inamuimitsa. Posowa kosewera, anakasumira NFL kuti matimu 32 akapangana kusalemba ntchito gulu lina la anthu ndiye kuti akuphwanya malamulo oletsa makampani kupangana pamsika. Mu Febuluwale 2004 woweruza Shira Scheindlin anagwirizana naye. Khomo linatseguka, ndipo mnyamata wina wa ku yunivesite ya Southern California, Mike Williams, katswiri wowakha mpira amene anali atatha zaka ziwiri zokha, analowerapo, n'kulemba ejenti womuyimira. Draft isanachitike bwalo la apilo linaimitsa chigamulo chija, kenaka linachigwetseratu. Analemba chigamulo chatsopanocho ndi Sonia Sotomayor, amene tsopano ali m'bwalo lalikulu la dziko la America. Mfundo yake inali yakuti nkhani ya amene angalembedwe ntchito ndi yokambirana pakati pa olemba ntchito ndi bungwe la ogwira ntchito, ndipo zimene agwirizana kumeneko malamulo a pamsika sazikhudza.

Taonani zimene zinamugwera Williams. Iye sanaphwanye lamulo lililonse, anatsata chigamulo cha khothi chimene chinalipo tsiku limenelo. NFL itamutsekera, anabwerera kusukulu, anasiyana ndi ejenti, napempha bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji la NCAA kuti limulole kusewera. Linakana. Anakhala chaka chonse cha 2004 osasewera kulikonse. Detroit Lions inamutengabe pa nambala 10 mu 2005, koma sanafikenso pamene anthu ankayembekezera. Clarett naye anatengedwa ndi Denver Broncos kumapeto kwa raundi yachitatu chaka chomwecho, ndipo anachotsedwa sizoni isanayambe. Anthu amakumbukira nkhaniyi ngati umboni wakuti kufulumira n'koipa. Ife timaikumbukira ngati umboni wakuti mnyamata akhoza kutsekeredwa kunja mbali zonse ziwiri, kumudzi ndi kudambwe komwe.

Chigamulo chija chikutanthauzanso kuti amene akufuna zaka zitatu zichepetsedwe asayang'ane kukhothi. Lamuloli tsopano linalembedwa mu mgwirizano wa NFL ndi bungwe la osewera, ndipo mgwirizano umene ulipowu, wa mu 2020, udzatha ikadzatha sizoni ya 2030. Ovota m'bungwemo ndi amene ali kale pantchito. Timu iliyonse imasunga osewera 53, ndiye malo onse ndi 1,696 basi. Mnyamata aliyense wolowa msanga akulanda mbale ya wamkulu wina amene ali ndi voti. Kodi mukuyembekezera kuti akuluwo avotere zimenezo? Makoleji nawo safuna kutaya akatswiri odzaza masitediyamu a anthu 100,000, ndipo NFL ikusangalala kuti ena akuiphunzitsira osewera kwaulere, popanda kumanga ligi ya ana ngati mmene matimu a mpira wamiyendo amachitira. Mwini nkhani yekha ndiye alibe mpando pabwalopo.

Komabe sitikuti zaka zitatuzo zichotsedwe. Aliyense wolima kachewere ku Bembeke kapena ku Tsangano amadziwa kuti ukakumba masamba asanaume, khungu lake limasupuka ndi chala, ndipo thumba likafika ku Lilongwe theka ndi lowola. Masewerawa ndi ogundana pa sitepe iliyonse. Amuna a pamzere wakutsogolo amalemera makilogalamu 140 kapena kuposa, ndipo ambiri atha zaka zisanu kapena khumi akunyamula zitsulo ndi kudya mwa dongosolo. Mnyamata wa zaka 18 akhoza kuwaposa liwiro, koma khosi, mapewa ndi chiuno zimakhala zisanamange mnofu wolandira kugunda kotero magemu 17 pa sizoni, pamene kukoleji amasewera 12 asanafike mu ndime zomaliza. Palinso za m'mutu. Woponya mpira, amene amamutcha quarterback, amayenera kuwerenga mmene adani ayimira m'masekondi ochepa, ndipo luso limenelo limabwera ndi magemu ambiri. Achinyamata amene angathe kudumpha zonsezi alipo, koma pa chaka mwina mmodzi kapena awiri, ndipo lamulo silipangidwira awiriwo.

Koma mlimi yemweyo amadziwanso kuti kachewere wokhwima ukamusiya m'nthaka mvula ikugwa, umamupeza atadyedwa. Apa ndi pamene otsutsa lamuloli ali ndi mfundo yolemera. Marcus Lattimore wa ku South Carolina anali wokonzeka chaka chake choyamba chomwe, mu 2010. Mu 2011 anaduka mtsempha wa bondo lina, mu 2012 bondo linalo linatheratu. San Francisco 49ers inamutenga mu raundi yachinayi mu 2013, koma sanasewereko ngakhale gemu imodzi ya ligi. Jaylon Smith wa ku Notre Dame, amene ankayembekezeka kukhala m'gulu la oyambirira kwenikweni, anavulala bondo pa gemu yake yomaliza ya kukoleji pa 1 Januwale 2016, n'kutsikira mu raundi yachiwiri. Kumapeto kwa chaka chomwecho Leonard Fournette ndi Christian McCaffrey anakana kusewera magemu otsekera sizoni. Anthu anawanyoza kuti ndi odzikonda, koma anasankhidwa pa nambala 4 ndi 8, ndipo kuyambira pamenepo kukana magemu amenewa kwangokhala mwambo. Othamanga ndi mpira ndiwo amapwetekeka kwambiri ndi kudikira, chifukwa thupi lawo lili ngati tayala: ulendo uliwonse umadya mphira, kaya walipidwa kaya ayi.

Mankhwala ake si kutsitsa zaka koma inshuwalansi yolongosoka, ndipo apa pamafunika kusamala. Pali mitundu iwiri. Woyamba umalipira pokhapokha madokotala atatsimikiza kuti munthu sadzaseweranso mpaka kalekale, zomwe sizichitika kawirikawiri masiku ano poti bondo amalisoka. Wachiwiri umalipira kusiyana kwa ndalama ngati kuvulala kwamutsitsa pa mndandanda. Wachiwiriwu ndiye wofunika, koma ndi wodula, ndipo makampani amakonda kukana kulipira ponena kuti bondolo linali lovulala kale pamene ankalembetsa, kapena kuti mnyamatayo anatsika chifukwa chosewera moipa osati kuvulala. Yunivesite imene ikupeza phindu pa mnyamata wa chaka chachiwiri amene aliyense akuona kuti ndi wa raundi yoyamba iyenera kumulipirira mtundu wachiwiriwu, atapimidwa thupi lonse tsiku lolembetsa kuti pasadzakhale pothawira.

Chimene chinachulukitsa ochoka msanga si kusintha kwa lamulo la zaka, koma kusintha kwa malipiro. Mu 2010 Sam Bradford, wosankhidwa woyamba, anasaina kontirakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi ya madola 78 miliyoni, ndipo 50 miliyoni mwa izo zinali zotsimikizika asanaponyeko mpira ndi kamodzi komwe. Eni matimu ndi osewera akale anati izi zanyanya. Mgwirizano wa 2011 unaika mitengo yokhazikika malinga ndi nambala imene munthu wasankhidwira, ndipo Cam Newton, woyamba wa chaka chimenecho, analandira madola 22 miliyoni pa zaka zinayi. Kuyambira pamenepo aliyense wosankhidwa amasaina zaka zinayi, timu ili ndi ufulu wowonjezera chachisanu kwa a raundi yoyamba, ndipo palibe kukambirananso malipiro zisanathe zaka zitatu. Ndalama zenizeni zinasamukira ku kontirakiti yachiwiri. Maejenti anayamba kuuza anyamata kuti, choka lero kuti udzafike pa yachiwiriyo uli ndi zaka 25 osati 26. Pa pepala masamuwo ndi olondola. Chimene sankawauza n'chakuti osewera ambiri amatha ntchito atangopitirira pang'ono zaka zitatu, yachiwiriyo osaiona. Pofika 2018 anyamata 106 anapatsidwa chilolezo chapadera cholowa msanga, ndipo m'zaka zimenezo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ankatsala osatchulidwa dzina.

Tsatirani nafe njira imene wotsalayo amadutsa. Sizoni ya kukoleji ikamatha, yunivesite itha kumupemphera maganizo ku komiti ya alangizi ya NFL, imene ilipo kuyambira 1994. Kuyambira 2014 komitiyi imapereka mayankho atatu okha: raundi yoyamba, raundi yachiwiri, kapena khala kusukulu. Yankho lachitatulo ndi lobisa zambiri, chifukwa limaphatikiza wa raundi yachitatu, amene angapeze ndalama zabwino ndithu, ndi amene sadzatengedwa konse. Mnyamata wosamva bwino yankholo amapita kwa ejenti, ndipo ejenti, amene amadya mpaka 3 peresenti ya kontirakiti, sangamuuze kuti akhale. Pakati pa Januwale amapereka kalata yosiya ufulu wake wosewera kukoleji. Amapatsidwa masiku atatu oti asinthe maganizo. Akatha masiku atatuwo, kwatha.

Onani kupusa kwa kalendala imeneyi. Mayeso enieni amabwera pambuyo pake. Kumapeto kwa Febuluwale anyamata oposa 300 amaitanidwa ku Indianapolis kukapimidwa: liwiro pa mayadi 40, kukankha chitsulo cha makilogalamu 102 kambirimbiri mmene angathere, kudumpha, kufunsidwa mafunso ndi makochi, ndiponso chofunika koposa, kuunikidwa ndi madokotala a matimu onse. Kumeneko n'kumene kumapezeka fupa la phazi losweka pang'ono kapena vuto la mtima limene mwini wake sankalidziwa. Ena saitanidwa n'komwe, chomwe ndi chizindikiro choonekeratu kuti zinthu sizili bwino. Koma uthenga wonsewu umafika patatha mwezi ndi theka khomo litatsekedwa. Kuli ngati kuuza mwana asankhe kosi ya kuyunivesite n'kusainira kuti sadzasintha, zotsatira za MSCE zisanatuluke.

Pamene akudikira Epulo, ambiri amakhala atasiya makalasi n'kupita kumalo ochitira zolimbitsa thupi ku Florida, Texas kapena Arizona, ejenti akulipira nyumba, chakudya ndi aphunzitsi. Draft ikadutsa osatchulidwa, amatha kusaina ndi timu iliyonse ngati wongoyeserera, ndi kandalama kochepa kolandirira. Matimu amalowa m'kampu ndi osewera 90, ndipo kumapeto kwa Ogasiti amadula kufika pa 53. Malipiro otsikitsitsa a wosewera watsopano mu 2024 anali madola 795,000 pa chaka, ndalama zochititsa chizungulire mukazisintha kukhala makwacha, koma amalandira yekhayo amene wapulumuka mpeni wa Ogasiti, ndipo amalipidwa sabata ndi sabata malinga akadali pa mndandanda. Wodulidwa amabwerera kwa amayi ake wopanda timu, wopanda sikolashipu, wopanda digiri, ali ndi zaka 21.

Chodabwitsa n'chakuti chiwerengero cha ochoka msanga chatsika popanda wina kukhudza lamulo la zaka zitatu. Mu Juni 2021 bwalo lalikulu la America linagamula mlandu wa Alston, umene osewera a m'makoleji anasumira NCAA, mokomera osewerawo, oweruza onse 9 mogwirizana, ndipo kuyambira pa 1 Julayi chaka chomwecho NCAA inalola ophunzira kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina ndi nkhope zawo. Pofika 2024 olowa msanga anali osakwana 60. Mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wina wa osewera ndi NCAA, wotchedwa House, umene unalola yunivesite iliyonse yolowa mu mgwirizanowo kulipira osewera ake mwachindunji ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, masewero onse pamodzi. Mnyamata wa raundi yachisanu tsopano atha kupeza zofanana kapena zoposa akakhala kusukulu. Zikuonetsa kuti ambiri aja sankathawa mabuku, ankathawa njala ya kunyumba.

Ndiye chifukwa chakale chotsekera khomo chafa. Ankati wolemba ejenti ndi kulandira ndalama wasanduka wantchito, sangasewerenso ndi ophunzira. Lero ophunzirawo ali ndi owayimira pa zamalonda ndipo akulandira malipiro. Chatsala n'chiyani? Mpira wa basketball wa m'makoleji omwewo, pansi pa NCAA yomweyo, unakonza zimenezi mu 2016: mnyamata amalembetsa, amakapimidwa, amamva zimene matimu akunena, ndipo ali ndi masiku 10 pambuyo pa mayesowo oti abwerere. Ku hockey timu imasankha mnyamata wa zaka 18 n'kumusiya akusewera kukoleji, iyo itasunga ufulu wodzamutenga. Ku baseball wosankhidwa akapanda kusaina amabwerera kusukulu. Mpira uwu wokha, umene uli woopsa kuposa yonseyo, ndiwo ulibe pobwerera.

Chimene tikupempha ndi ichi. Tsiku lomaliza losinthira maganizo lichoke mu Januwale lipite patatha sabata imodzi kapena ziwiri mayeso a ku Indianapolis atatha, ndipo aliyense apatsidwe lipoti la madokotala ndi yankho lolembedwa lotchula raundi yeniyeni, kuchokera pa yoyamba mpaka pa 7 kapena kunja. Amene wapitirirabe koma osasankhidwa apatsidwe masiku atatu draft itatha kuti asankhe: kusaina ngati woyeserera kapena kubwerera. Wobwerera akhale amene sanasiye makalasi a teremu imeneyo, ngakhale ophunzira pa intaneti, ndipo ndalama zimene ejenti anamuwonongera zilembedwe poyera n'kubwezedwa popanda chiwongoladzanja cha katapila. Mwayi umenewu ukhale wa kamodzi kokha, kuti asamayese chaka ndi chaka.

Makochi a m'makoleji adzadandaula kuti amalemba anyamata atsopano mu Disembala ndi Febuluwale, ndiye sangasunge malo a munthu mpaka Meyi. Dandaulo limeneli linali lomveka kale. Lero osewera akusamuka kuchoka yunivesite ina kupita ina chaka chilichonse popanda kukhala pansi, ndipo makochi omwewo amasiya timu pakati pa Disembala akapeza malipiro abwino kwina. Kusunga malo awiri kapena atatu pa gulu la anthu oposa 100 si chinthu chogwetsa timu, ndipo obwererawo akhoza kusawerengedwa pa malire a chiwerengero chaka chimenecho. Matimu a NFL sataya kanthu, poti obwerera ndi amene iwo eni awakana maraundi 7. Ubwino wina ndi wakuti zambiri mwa izi sizidikira 2030, chifukwa loko wa khomo lobwerera ali m'manja mwa NCAA ndi mayunivesite.

Tingotchulako pang'ono kuti draft si chinthu chochokera kumwamba. Ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ku America komweko, kumene Temwa Chawinga akusewerera Kansas City Current ndipo anasankhidwa wosewera wopambana onse mu 2024, inathetsa draft yake chaka chomwecho, ndipo atsikana ochoka kukoleji tsopano amakambirana okha ndi timu imene akuifuna. NFL sidzafika pamenepo posachedwa, chifukwa draft ndiyo imathandiza timu yofooka kudzuka, komanso mwambowo pawokha ndi malonda aakulu pa kanema.

Wina afunsa kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife a ku Mayani ndi ku Lobi. Chilowereni Dedza Dynamos mu Super League, matimu akuluakulu akhala akufika pa sitediyamu yathu, ndipo ofufuza luso saonera gemu yaikulu yokha, amafunsanso za ana a m'sukulu ndi a m'mabonanza. Mnyamata wa Fomu 3 amene wagoletsa zigoli zingapo pa mpikisano wa sukulu amakumana ndi funso lomwe lija, kungoti popanda komiti ya alangizi, popanda dokotala, popanda masiku atatu oganiza. Amafika ndi dobadoba wovala bwino, kulonjeza mayeso ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mozambique, makolo n'kulandira kangachepe. Sizoni ya ligi imadutsa pakati pa nyengo yolemba MSCE, choncho chimodzi chimagwa, ndipo chimagwa ndi sukulu. Akakanika mayeso a timu patatha miyezi itatu, malo ake kusukulu apita, fizi ya teremu inadyedwa pa thiransipoti.

Malamulo otchinjiriza alipo, kungoti makolo sawadziwa. FIFA imaletsa kusamutsira kunja kwa dziko wosewera wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamuka pa nkhani zosakhudzana ndi mpira. Wosakwana zaka 18 sangasainitsidwe kontirakiti yoposa zaka zitatu, ndipo zaka zowonjezera pamenepo siziwerengedwa. Malamulo a dziko lathu, chisinthireni mu 2017, amati wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiye pepala lililonse liyenera kudutsa m'manja mwa kholo kapena womulera, ndipo kope imodzi itsale kunyumba. Wosewera akadzagulitsidwa kunja ali pa kontirakiti, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23, koma imatsata zimene zinalembedwa m'kaundula. Timu ya kumudzi imene sinalembetse mwanayo ku FAM siionako ngakhale tambala, ngakhale itamulera zaka zisanu. Ndipo amene amachepetsa zaka za mwana pa chikalata kuti alowe timu ya achichepere akumukumbira dzenje, chifukwa zikalata zikadzasemphana pa tsiku losamukira kunja, malonda amafera pomwepo.

Khomo lobwerera la kwathu kuno silifuna khothi. Timu yotenga mwana wa sukulu ilembe m'kontirakiti kuti idzamulipirira fizi pa sukulu ya pafupi ndi kumene akusewera mpaka alembe MSCE, kaya akhale m'timu kaya achotsedwe, ndi kuti milungu ya mayeso sadzayenda ndi timu. Mayeso a timu achitike pa holide. Mphunzitsi wamkulu asunge malo a mwanayo teremu imodzi, kalata yochokera ku timu ili m'faelo. Ndipo amene akulota sikolashipu ya masewero ku America adziwe kuti makoleji a kumeneko amayamba kufunsa magiredi asanafunse liwiro, monganso mayunivesite athu a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi.

Tikupempha, Akonzi, kuti mutume mtolankhani wanu wa zamasewero ku FAM ndi ku SULOM akafunse kuti mwa osewera olembetsedwa mu Super League ndi m'maligi a m'zigawo sizoni ino, ndi angati sanakwanitse zaka 18, ndipo mwa amenewo ndi angati ali ndi nambala ya mayeso ya MANEB. Mayankhowo muwasindikize timu ndi timu.

Aphunzitsi a masewero a m'sukulu za sekondale,
Dedza